Masipuni Atatu pa Lipenga la Amuna Anga

Pa ukwati wathu tinalowa m'nyumba atatu: ine, amuna anga ndi lipenga lawo. Silinali lipenga wamba ayi. Chinali chimkuwa chachikulu chopindikapindika, chakukamwa kolowa mutu wa munthu, chimene a bandi ya kutchalitchi kwathu ku Kapelula ankachitchula kuti tuba. Anachita kusiyiridwa ndi malume awo, amenenso anachitola pa esiteti ina itatsekedwa. Chinali chakale kuposa tonsefe, chotiwanikatiwanika, koma amuna anga ankachipukuta kuposa mmene ankapukutira nsapato zawo.

Ndinkadana nalo, ndisaname. Anzanga akaweruka ku fodya ankacheza ndi amuna awo pakhonde. Anga ankakumbatira chilipengacho n'kuyamba bu, bu, bu, mpaka mbale kunjenjemera pathandala. Ndinalipatsa dzina loti mkazi mnzanga, ndipo ndinkapemphera mosabisa kuti tsiku lina lidzatseke pakamwa.

Pemphero limenelo linayankhidwa moipa. Munali m'zaka za makuponi a feteleza, fodya atachita bwino. Tikudinda mabelo, jeke inapulumuka n'kupana dzanja lamanja la amuna anga. Chala cha mkombaphala ndi chapakati zinaduka pakati, kunatsala timitsitsi.

Bala litapola anayesa kuimba kamodzi kokha. Lipengalo linali ndi mabatani atatu odina kupita pansi, akuya, a masipuling'i olimba. Timitsitsi tija sitinkafika. Kusintha dzanja sikukanatheka, chifukwa lamanzere ndi limene limanyamula chikatunducho. Analikweza pamwamba m'chigafa.

Bata limene ndinkalifuna lija linabwera, ndipo linandinyansa. Munthu wa nthabwala uja anasanduka mlendo m'nyumba mwake. Dzanja linkakhala m'thumba. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo n'kutuluka bandi isanayambe. Ndinaona kuti amuna anga akundithera ndikuwaona, ndipo ndinachita mantha. Amene anapindulapo ndi nkhuku yathu yokha, imene inayamba kuikira mazira m'kamwa mwa mkazi mnzanga.

Nthawi yokatenga feteleza itakwana, anati ndipite ine, iwo sankafunanso pagulu. Ndinathamangitsa nkhuku ija, n'kukulunga lipengalo m'chiguduli, n'kulikweza pa ngolo ya aneba amuna anga ali kudimba. Pamzere wa kudepoti ku Chamama anthu ankandifunsa ngati boma layamba kugawanso mapampu othirira. Ndinkawayankha kuti eya, koma kwa amayi okongola okha.

Kuseri kwa magolosale kunali bambo wina wokonza marediyeta a galimoto, wodziwa kuwotcherera mkuwa ndi mtovu. Ndinamutulira katundu wanga n'kumufotokozera zonse. Anadina mabatani aja, n'kupukusa mutu.

"Mayi, awa sangafupike. Koma taimani."

Anafukula mulu wa zitsulo n'kutulutsa lipenga lina lophwanyika, loti thirakitala inaliponda, limene ankadulako zigamba. Mabatani ake anali a mtundu wina: m'malo molowa pansi ankazungulira, munthu akangokhudza timanja take pang'ono.

"Ndikhoza kuchotsa akalewo n'kulumikiza awa. Timanjati ndingatitalikitse kuti titsate zala zawo. Koma mwiniwake ali kuti? Ndiyeza dzanja la ndani?"

"Yezani langali, bambo," ndinatero, ndikupinda zala ziwiri. "Dzanja limenelo ndalitsuka ndi madzi amchere mpaka kupola. Ndikulidziwa kuposa langa."

Anati pafunika tizitsulo tosalala, tokhala ndi kadzenje poti chala chizikhazikika. Tinayang'anana. Mwamwayi feteleza anatha mzere usanandifike, ndiye panali chifukwa chobwererako. Ulendo wachiwiri ndinapita ndi masipuni atatu a tiyi, a m'gulu lija anatipatsa pa ukwati, amene sindinkalola ngakhale abusa kuwagwira.

Tsiku limene feteleza anapezeka, lipenganso linali litatha. Linkaoneka ngati lachita ngozi n'kugonekedwa m'chipatala: zipsera za mtovu paliponse, masipuni anga ali ndondondo pambali, awiri ataliatali, imodzi yaifupi. Ndinafika nalo kunyumba ndikudzimva ngati ndagula galimoto.

Amuna anga analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwalitani lipenga la amalume?"

"Ndalikonzetsa, bambo. Tayesani."

"Anakutumani ndani? Ili si langa. Mwalisandutsa kabati ya ziwiya."

Analowa m'nyumba. Mtima unandiwawa, kenako unandipsa. Masipuni anga a ukwati, maulendo onse aja pa ngolo, malipiro ake n'kukhala amenewa? Ndinati chabwino, ngati mwiniwake salifuna, ndiimba ndine.

Mawa lake titaweruka ndinakhala pakhonde, pansi pa windo pamene ankagona, n'kuika milomo. Zimene zinatuluka sindingazilembe. Galu anathawira kwa aneba. Ana a matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe anabwera kudzaona ngati ng'ombe ikubereka. Ine osaleka. Tsiku lotsatira ndinabwereza, linzakenso chimodzimodzi, ndipo ndinasankha dala nyimbo imene iwo ankaikonda kwambiri, ija ya pa Khirisimasi, n'kumaipha pang'onopang'ono. M'nyumba munkamveka kutsokomola ndi kukoka mpando, koma munthu osatuluka.

Tsiku lina ndili pakati pa kuzunza mudzi, chitseko chinatseguka mwamphamvu.

"Mayi, chonde! Pamenepo si batani loyamba, ndi lachiwiri. Ndipo musamafufume masaya ngati mukukoleza moto."

"Lachiwiri ndi liti? Ine ndimangoona masipuni."

"Bweretsani kuno."

Analilanda kuti angondionetsa. Dzanja linatuluka m'thumba lokha, iwo osazindikira. Timitsitsi tija tinagwera m'masipuni ataliatali aja, chala chachitatu m'kafupi kaja, ndendende ngati anachita kuwayeza. Anauzira. Mawu anatuluka okhuthala, ochokera pansi, ndipo mbale zinayamba kunjenjemera pathandala. Anaimba nyimbo yonse mpaka kumapeto, kenako anayambiranso. Ine ndinapita kuseri kwa chigafa kukalira, chifukwa sindinkafuna kuti aone kuti mkazi mnzanga wandiliza ndi chimwemwe.

Nditabwerako anati, osandiyang'ana, "Likutsika mawu pang'ono. Munthu wanuyo ndi wa marediyeta ndithu."

"Ndiye ndikabweze?"

"Lisiyeni."

Zikomo wawo anali ameneyo, ndipo ndinamulandira. Lamulungu lotsatira anaima kumbuyo kwa bandi, masipuni akung'anima. Amayi a kwaya ankandinong'oneza kuti akabwera kwathu azidzatakasa tiyi ndi chala. Mawu otsika aja a bandi anawazolowera. Anaimba nalo pa maukwati ndi pa maliro zaka zambiri, ndipo ine ndinayambiranso kudandaula za phokoso, poti ukwati wathu unkayenda bwino choncho.

Amuna anga anatisiya chaka china fodya ali m'chigafa. Patapita nthawi, a bandi anabwera mwaulemu kudzapempha lipengalo, ndipo ndinawapatsa ndi mtima umodzi. Sipanatenge nthawi, analibweza. Aliyense amene analiyesa anali ndi zala zonse, ndipo zala zathunthu zinkapitirira masipuni aja n'kumakodwa.

Lili kuchipinda kwanga tsopano, ndipo nkhuku sindizilola kuyandikira. Masiku ena ndikaweruka ndimalitsitsa n'kulipukuta. Kuimba sindinaphunzire mpaka lero. Ndimangopinda zala ziwiri n'kuziika m'masipuni muja, mmene munaperesedwa ndi dzanja la amuna anga, ndipo zimakwana.