Manda Ali Mkati mwa Waya

Anagogoda pachitseko cha kalasi Lachitatu m'mawa, mu Januwale, mvula ikuwaza. Anali abambo awiri ovala zawamba, ndipo kumbuyo kwawo kunaima mkulu wa koleji yathu akuyang'ana nsapato zake.

"Madamu, tikufuna ticheze nanu pang'ono ku ofesi kwathu. Simuchedwa."

Ndinauza ophunzira kuti azipitiriza kuwerenga, ndikubwera. Ambulera ndinaisiya pakona. Tili m'galimoto m'pamene ndinazindikira kuti choko ndidakachigwira m'manja.

Ndinkaphunzitsa mbiri yakale pa koleji ina ya aphunzitsi ku Dowa. Bambo anga anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, choncho ndinakula ndikulemekeza buku kwambiri. Koma buku limene tinkaphunzitsira linkandiwawa. Linalembedwa kunja, mtengo wake unali wosayamba, ndipo mulaibulale munali limodzi lokha, lothothoka chikuto. Za mapiri athu linali ndi ndime imodzi basi, yonena kuti azungu atafika anapeza malo opanda anthu, n'kutsegula minda. Ana a ku Dzoole ndi ku Kasakula ankaloweza ndimeyo kuti akhoze mayeso. Ankaloweza kuti makolo awo kunalibe.

Ndiye patchuthi ndinatuma ophunzira anga kuti akacheze ndi akuluakulu kwawo, ajambule mawu pafoni. Tinalemba maphunziro athuathu, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ena ongomvetsera chifukwa m'kalasimo munali mtsikana wosaona. Pamwamba pa phunziro lililonse tinalembapo kuti aliyense akhoza kukopera, kugawa ndi kuwonjezerapo, osalipira, osapempha.

Phunziro lina linali mawu a bambo wina wokalamba wa m'mapiri a Ntchisi. Moyo wawo wonse anali mmodzi wa adzukulu, okumba manda. Amenewa ndinakawamva ndekha. Anati manda akale a mudzi wawo ali mkati mwa esiteti ya fodya imene kale inali ya mzungu, ndipo mwini wake wa lero, munthu wamphamvu ndithu, anaizunguliza waya n'kuikapo alonda.

"Mukaima pamsewu mukuona mitengo yaunjikana pakati pa fodya," anatero. "Mitengo ya kumanda sidulidwa, ngakhale mzungu anaisiya. Amayi anga ali mmenemo, akazi anga ali mmenemo. Malo anga ndinawasiya pambali pawo, patsinde pa msuku. Ine ndikungofuna ndikagone pamenepo."

Pomaliza anati ndilembe dzina lawo. Ndinawauza kuti sitilemba mayina, poteteza olankhula. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, ine ndakwirira anthu ambirimbiri. Ndiope ndani?"

Dzina sindinalembe. Phunzirolo linayenda pafoni ndi pafoni, likumvedwa m'masukulu ndi kuseri kwa tchalitchi mapemphero akatha. Tsiku lina anthu a m'midzi yozungulira anakaima pachipata cha esiteti ndi makasu, akupempha kukalambula kumanda. Anakanizidwa. M'mawa mwake waya anapezeka wodulidwa. Ndiwo unali mlandu wanga: kuyambitsa chisokonezo.

Polisi imene ananditengera sinditchula. Amene ankandifunsa mafunso anali bambo waulemu wake, wolemba pang'onopang'ono.

"Phunziro limeneli analigawa ndani ku Ntchisi?"

"Sindikudziwa, bwana. Aliyense ali ndi ufulu woligawa."

"Ufuluwo anawapatsa ndani?"

"Ine."

Analemba, n'kudzutsa mutu. "Ndiye kuti mwavomera kuti mtsogoleri wa onsewa ndinu."

Ndinayesa kufotokoza kuti m'masukulu ambiri masiku ano aphunzitsi amagawana maphunziro motere. Anandiyang'ana ngati ndikumugulitsa mbuzi yodwala. Kenaka anatsegula foni yanga, ndipo mawu a bambo aja anadzaza chipindacho, pamodzi ndi tambala amene ankalira kumbuyo kwawo tsiku lija.

"Mdala ameneyu ndani? Kumidziko aliyense akuti mawuwa sakuwadziwa. Tipatseni dzina ndi mudzi, mukagona kwanu lero."

Ndinaganiza za miyendo yawo yotupa ndi chifuwa chawo chija, ndinayang'ananso simenti yonyowa imene ndinapondapo. Ndinadziwa kuti muno sangathemo sabata. Ndinati sinditchula.

Tsiku lotsatira kunabwera wina amene sankalemba. Za iye ndingonena kuti khutu langa lamanzere silimva bwino mpaka lero.

Kukhoti belo anandikaniza, akuti ndingakasokoneze mboni. Ananditumiza kundende kukadikira mlandu. Polowa, mayi wolondera anapeza kachidutswa ka choko m'thumba la siketi yanga, n'kukaponya m'ngalande.

"Kuno kulibe bolodi, aphunzitsi. Vulani nsapato, khalani pansi."

Tinkagona mothithikana, chitenje chimodzi choyala ndi chofunda chomwecho, chidebe chili pakona. Amene ankagona pafupi nane anali mayi wogulitsa kachasu, wapakamwa pake.

"Inu asisi, nkhope yakutchalitchiyi, mwaba chiyani?"

"Sindinabe. Ndinagawa maphunziro ulere."

"Ulere? Ndiye akumangani bwino. Mukufuna kutiphera bizinesi tonse?"

Ndinaseka koyamba chilowereni. Mayi ameneyu ndi amene ankanditsuka khutu ndi madzi amchere mafinya atayamba.

Kawirikawiri ankanditulutsa kukakumana ndi bambo wolemba uja, funso lili lomwelija. Mchemwali wanga ankabwera ndi chakudya, ndipo tsiku lina analira pawaya.

"Achemwali, ingotchulani. Ana anu akufunsa. Munthu wokalamba sangamumange."

Ndinamuonetsa khutu langa, sanabwerezenso. Kunena zoona ndinkaopa, ndipo masiku ena dzinalo linkafika pamlomo penipeni. Chinkandigwira n'chimodzi: ndinkawaona bambo okalamba aja m'maganizo atakhala pakhonde pawo akuothera dzuwa, osadziwa kanthu. Ndinkati bola iwo ali pamtendere.

Ndinalowa chimanga chili m'mawondo, ndinatuluka anthu akuotcha mondokwa. Linali Lolemba. Anati boma lauchotsa mlandu, chifukwa sananene. Bambo wolemba uja anandibwezera foni itafufutidwa zonse.

"Madamu, pitani. Koma muziphunzitsa za m'buku."

Kukoleji ndinapeza anandiimitsa ntchito, maphunziro athu atachotsedwa pa kompyuta. Sizinandidabwitse. Nditapezako mphamvu ndinakwera njinga yamoto kupita ku Ntchisi, msewu uli makwawa okhaokha. Ndinkafuna ndikawauze bambo okalamba aja kuti dzina lawo silinatuluke pakamwa panga.

Pakhonde panalibe munthu. Mwana wawo wamkazi anatuluka, mpango wakuda uli kumutu, n'kundiyalira mphasa. Anayamba wandifunsa za ulendo, monga mwa ulemu, kenaka anati:

"Bambo anatisiya mwezi watha."

Anandifotokozera zonse. Atamva kuti aphunzitsi aja amangidwa chifukwa cha mawu awo, bambowo anakana kudya. Ana anawaletsa, koma m'mawa wina anatenga ndodo n'kunyamuka wapansi, mvula ili pamsana, chifukwa galimoto sizinkadutsa. Anakafika papolisi pomwe paja. Anauza amene anali pakauntala kuti, "Mawu mukuwafunawo ndi anga. Mumasuleni mwanayo, mutseke ine."

Anyamata apakauntalawo anaona nkhalamba yonyowa, yamatope, yovala jekete long'ambika. Anaseka.

"Agogo, kuno si kuchipatala. Bwererani kwanu mvula isanakule."

Bambowo anakhala panja mpaka madzulo, kenaka anabwerera. Anafika kunyumba akunjenjemera, chibayo chinawagwira, ndipo sanadzukenso. Tsiku limenelo mwina ine ndinali m'chipinda china akundifunsa dzina lawo.

Sindinalire pomwepo. Ndinafunsa kuti anawaika kuti.

"Adzukulu anzawo anapita pachipata cha esiteti kukapempha," anatero mayiyo. "Alonda anati bwana kulibe. Anapitanso, anati bwana wakana. Maliro sadikira. Tinawaika ku manda atsopano, kutsetse uko."

Kumanda sapitako wamba, choncho tinakaima panjira. Anandilozera mulu wa dothi lofiira pamalo opanda mtengo ndi umodzi womwe. Cha kumtunda kwake kunali waya, ndipo kuseri kwa waya, pakati pa fodya, mitengo ija inali chiunjikire. Msuku unkaoneka bwinobwino.

"Ankadandaula chinthu chimodzi," anatero tikubwerera. "Ankati aphunzitsi aja akanalemba dzina langa, apolisi akanabwera kwa ine."

Apa m'pamene ndinalira, panjira, ngati mwana.

Ngakhale muno dzina lawo sindilemba, chifukwa ana awo akukhalabe m'mphepete mwa waya womwewo. Mawu awo okha ndi amene sanagwidwe. Ndimawamva nthawi zina m'minibasi pafoni ya munthu wosamudziwa, tambala uja akulira kumbuyo, ndipo ndimatembenuzira khutu lakumanja.

Anthu kutchalitchi amandigwira dzanja n'kumati tithokoze Mulungu, mwapeza ufulu. Ndimavomera, ndipo ndimathokozadi. Ndimagona pabedi, ana anga ali pafupi, chitseko ndimatsegula ndekha. Koma mtima sunakhazikike. Ine chipata ananditsegulira kuti ndituluke. Bambo aja anagogoda pazipata ziwiri akupempha kulowa, ndipo palibe chimene chinatseguka.