Mbaraka ndi Bulowa Yake

Mbaraka Sidi wa ku Ntaja anafika ku Joni mu 2011 ali ndi matenda oopsa okonda ntchito. Msuweni wake Maliki ndiye anamupezera malo pakampani yosamalira kapinga ndi maluwa m'nyumba za anthu olemera ku Fourways. Mbaraka ankatchetcha, kudulira, kuthirira, mpaka kutsuka galimoto ya bwana popanda womutuma. Bwanayo, dzina lake Shaun, ataona kuti munthu mmodzi akugwira ntchito ya awiri, anathokoza kwambiri n'kuchotsa Maliki.

Madzulo ake, m'kachipinda kawo ku Cosmo City, Maliki anamuwombera m'manja. "Mwaithatu asuweni. Mwandipezera holide. Sharp sharp!"

Matenda aja anapolera pomwepo.

Kuyambira tsikulo Mbaraka anakwatira bulowa, makina obereka kumsana ouluza masamba ndi mphepo. Anali atazindikira kuti kwa bwana, phokoso ndiye ntchito. M'mawa ankakusira masamba kumanja, masana n'kuwabwezera kumanzere. Masambawo anayenda mtunda woposa wochoka ku Joni kukafika ku Machinga, koma pageti sanatulukepo. Anzake akamuitana kuti adzanyamule nawo matumba a manyowa, iye ankangoloza khutu kuti sakumva, makina akulira.

Chaka china Shaun anadandaula kuti antchito ake alibe mtima wokonda kampani. Anawagulira masikipa obiriwira, n'kuwaimika mozungulira kuti aliyense anene chimene chimamudzutsa m'mawa.

"Alamu, bwana," anatero Mbaraka mwaulemu wonse.

Shaun anaseka mpaka misozi. Anati munthu wodekha chonchi, amene sanathyolepo fosholo kapena kukangana ndi mnzake, ndiye woyenera kukhala foromani.

Mbaraka anachonderera. Anati Chingerezi chake n'choperewera, anati mutu umamuvuta dzuwa likatentha. Sizinathandize. Shaun anamulanda bulowa n'kumupatsa foni yosatopa kulira.

Pofika 2018 Mbaraka ankangokhalira kuyenda nyumba ndi nyumba, kupepesa kwa madona okwiya ndi maluwa ofota, uku anyamata ake atatambalala pansi pa jakaranda. Akawakalipira ankavomera onse pamodzi kuti, "Yebo, foromani!" kenako n'kumadzuka mmodzimmodzi ngati odwala msana. Chinyengo chawo chilichonse ankachidziwa, koma akanadandaula kwa ndani? Mphunzitsi wawo anali iye yemwe.

Mbaraka anaonda mpaka lamba anamubowola kachiwiri. Kwawo ku Ntaja atamva kuti wakwezedwa paudindo, anayamba kumufunira mkazi wachiwiri, ati foromani sangakhale ndi mkazi mmodzi yekha.