Phando langa la nshawa

Ndikamva fungo la nshawa yongozulidwa kumene, magazi amandiwira.

Ndili Giredi 3 ku Zemba, aticha anati chaka chonse tiphunzira za nshawa. Pa masamu tinkawerenga masamba ake, pa Chinyanja tinkaiimbira nyimbo, ndipo anatilonjeza kuti pomaliza aliyense adzakolola phando lake. Ine ndinabzala mbewu imene amayi anasiya m'chikwatu asanamwalire. Ndinkaganiza kuti ikakhwima, ndidzadyanso za m'manja mwawo.

Itangochita maluwa, aticha anaima pa phando langa. "Lero tiphunzira mizu. Tizule yonenepayi."

"Aticha, sinakhwime!"

"Choka apo iwe, kamutu ngati chibade! Munda ndi wa sukulu uno."

Anazula, n'kuthyola muzu kuti onse aone. Ndinawaluma padzanja mpaka magazi anandidzaza m'kamwa. Anandikwapula ndi mpini wa khasu, ndinagwa, ndinadzuka n'kuwagenda ndi chigulumwa kumaso. Kusukulu sindinapondekonso.

Anzanga anakolola, anakazinga, anakhoza mayeso. Lero ndikudziwa kuti aticha aja sankadziwa mwini mbewuyo, koma mpaka pano palibe anandifunsapo chimene ndinalumira.