Chingerezi cha Kuseri kwa Mpanda wa Bango

Sukulu ndinalekezera kupulayimale. Chingerezi ndinali nacho m'mutu, pakamwa ayi. Ukaphonya liwu mphunzitsi ankaseka, kalasi yonse n'kumuthandiza. Ndinaphunzira kukhala chete. Ngakhale kuminda ya nzimbe kumene ndinkagwira ntchito, mzungu akandifunsa kanthu ndinkayang'ana pansi, kapitawo n'kundiyankhira.

Ndinakwatira kwa Mlolo, chikamwini. Apongozi anga aakazi anali amasiye, ogulitsa mlamba wowamba pamsika. M'kalasi sanapondemo. Ankalankhula Chisena ndi Chimang'anja basi. Kumeneko mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Tikakumana panjira ndinkapatukira muudzu. Mawu athu ankadzera mwa mkazi wanga.

Nkhondo itakula ku Rhodesia, mlamu wanga, mwana wawo woyamba, anabwerako. Ankaphikira mzungu kumeneko, ndipo mkazi wake anamwalira komweko. Anabwera ndi kamwana kake kakakazi, kokulira pabwalo la mzunguyo. Kankadziwa Chishona ndi Chingerezi. Chathu ayi.

Mlamuyo anapeza ntchito ku Blantyre, mwana n'kumusiya kwa agogo ake. Mwanayo sanazolowere. Ankangokhala pakhonde, nsapato kumapazi. Chakudya ankangochigwiragwira. Anawonda. Bambo ake atabwera kudzamuona anati mvula ikayamba adzamutenga, akamupereke kwa masisitere osunga ana amasiye kumtunda.

M'mawa mwake ndikukhomera khasu kuseri kwa mpanda wa bango, ndinamva kutsokomola mbali inayo.

"Akamwini, mulipo?"

Ndinatsala pang'ono kuthawa. Chikwatirireni anali asanandiitanepo.

"Ndilipo, amayi."

"Khalani pomwepo, musatembenuke. Madzi pa Chizungu amati chiyani?"

Ndinawauza. Anabwereza, sizinatuluke bwino. Anabwerezanso mokweza. Mkazi wanga anatuluka m'nyumba mothamanga.

"Amayi, anthu atiseka! Mwambo mwautaya?"

"Nkhope yake ndaiona ine? Mpanda si uwu? Pita ukasinje mapira."

Kuyambira pamenepo ankabwera m'mawa uliwonse asanapite kumsika. Iwo uko, ine kuno, aliyense atafulatira mnzake. Ndinayamba ndi moni, monga ankatiyambitsira kusukulu. Anandidula.

"Moni ndatola, wakwana. Ndipatseni awa: idya mwanangu. Usalire. Ndine mayi a bambo ako."

Mawu amenewo m'mabuku athu munalibe. Ndinkawalumikiza ndekha, n'kuwatchula mokweza kuti adutse mpanda. Ndinkachita thukuta ngati ndikulima.

Iwo manyazi analibe. Ankayeserera panjira, dengu lili pamutu. Ankayeserera kwa ogula nsomba. Achinyamata a chipani ofunsa makadi pachipata cha msika ankalandira gudumoningi wawo. Anthu anawapatsa dzina, Dona wa Mlamba.

"Sekani," ankatero. "Mano ndi anu."

Kwa mwana ankalankhula osaleka, zolondola ndi zopotoka zomwe. Mwanayo ankangowayang'ana.

Tsiku lina anandipempha funso lalitali: amayi ako ankakuphikira chiyani? Linativuta tonse. Analinyamula pakamwa, akulibwereza, mpaka pakhonde. Posakhalitsa ndinamva mawu achilendo, aang'ono, akuthamanga osapuma. Anali mwana uja. Apongozi ankangoti, "Yesi, yesi." Kenaka anamukokera kumpanda.

"Akamwini, wakhani izi! Zikundipitirira!"

Panalibe kapitawo wondiyankhira. Ndinamuuza mwanayo pa Chingerezi kuti alankhule pang'onopang'ono. Anatero. Ankanena phala lothira chiponde, limene amayi ake ankamuphikira m'mawa. Ananenanso zina za amayi akewo, akulira. Ndinamasulira zimene ndinamva.

Apongozi sanapite kumsika tsiku limenelo. Anakazinga mtedza, anasinja, anaphika. Mwana anadya, n'kupempha lina.

Zitatero mwanayo ndiye anakhala mphunzitsi. Agogo ake akapotoza liwu ankaseka mpaka kugwa pamkeka. Iwo sankakwiya. Ankangoti, "Waseka, lipira," n'kumutchulitsa liwu la Chisena. Ine ntchito inandithera.

Mvula itayamba mlamu anabwera. Anapeza mwana wake kudimba, wopanda nsapato, akukalipira mbuzi m'Chisena. Anamuuza za ulendo. Mwanayo anathamangira kwa agogo ake n'kugwira chitenje. Apongozi anayang'ana mwana wawo wamwamuna, n'kumuyankha m'chilankhulo cha mabwana ake.

"No."

Mlamu anaseka, kenaka anapukuta m'maso. Anakwera basi yekha.

Madzulo ake ndinamvanso kutsokomola kumpanda.

"Takhuta, akamwini," anatero, kuthokoza kwa Chisena. Sanabwerenso kumpandako.

Patapita masiku tinakumana panjira ya kumsika. Ndinapatukira muudzu monga kale. Anadutsa osacheuka, dengu pamutu, n'kuponya gudumoningi m'mwamba. Ndinawayankha ndili muudzu momwemo, mokweza.