Dolores Hruska ndi Tsamba la Maliro

Dolores Hruska anagwira ntchito yotaipa makalata pa kampani ina ya inshuwalansi mumzinda wa Akron zaka makumi atatu, ndipo ukamuona m'basi ndi kachikwama kake pamiyendo sukanaganiza kuti ndi iye amene ankanyoza boma mwezi ndi mwezi. Ife enafe tinali pakamwa basi. Tinkasunga tsitsi, kukana nkhondo ya ku Vietnam, kulalata m'malo omwera khofi mpaka mawu kusasa, koma ntchito yeniyeni inali m'zala za Dolores. Iye ndiye ankataipa kanyuzi kathu kachipongwe kotchedwa Nsabwe, mwamuna wake Emmett n'kumapukusa makina osindikizira m'chipinda chapansi, inki mpaka m'zigongono.

Tsamba lomaliza la Nsabwe linali la maliro, koma maliro abodza. Munthu wa gulu lathu akameta tsitsi, kapena kugula tayi n'kukalowa ntchito ku banki, tinkamupha pamenepo: "Wamwalira mwamtendere Lolemba m'mawa ali pa desiki, atadwala matenda a kumvera kwa nthawi yaitali." Ineyo ndinafa kawiri. Emmett anafa katatu, komaliza chifukwa chogula makina otchetchera kapinga.

"Mlamu, mwamuna wakoyu ndi mtembo wanji wodya chonchi?" ndinkatero Lamlungu, Emmett akukokolola mbale ya kabichi wokulungira nyama.

"Usandiyambe dala, iwe Lyle," ankayankha Dolores. "Iwe unafa mu Malichi koma mpaka lero sunasiye kutidyera. Tenga sitepula apo uzigwira ntchito."

Tikatero tinkazungulira tebulo, aliyense akutola tsamba pa mulu uliwonse kuti timange kanyuzi kaja, Emmett akuimba mosokoneza dala. Ndimawasowa masiku amenewo, ndipo kukalamba sikunandichepetsereko ngakhale pang'ono.

Mu 1969 gulu linabalalika. Ena anathawira kunja kwa dziko, ku Toronto, poopa kulembedwa usilikali, ena ku California, ine ndinakathera pa famu ina ku Oregon kumene tinali anthu khumi ndi anayi ndi mbuzi ziwiri, foni kunalibe. Dolores ndi Emmett anatsala, sanali anthu oyendayenda. Wina akasamuka ankangotumiza adiresi yatsopano, Nsabwe n'kumamutsatira, ndipo njira yotipezera inali yokhayo.

Nsabwe ya Febuluwale 1971 inafika itanyowa ngodya imodzi. Ndinayambira kumapeto monga mwa chizolowezi, kuwerengera anzanga mokweza pa tebulo. Inati Emmett Hruska, wa zaka 33, wamwalira pa 12 Januwale galimoto yake itatsetsereka pa ayezi wa mumsewu akuchokera ku ntchito. Inati anaikidwa kale, koma anzake onse akuitanidwa kunyumba kwake Loweruka pa 20 Malichi, 2 koloko masana, kudzamukumbukira. Basi, panalibe nthabwala ngakhale imodzi.

Abale inu, ndinaseka! Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati taonani luso, mkaziyu wasiya zokometsera zonse, akulemba ndendende ngati nyuzipepala ya mumzinda. Ndinatenga positikhadi n'kulemba kuti: "Pepa mlamu. Ulendo uno wagula chiyani, firiji? Umuuze malemu kuti kanayi kwanyanya, asiyireko ena." Ndinayenda wapansi mpaka ku positi ndikusekabe ndekha ngati chitsiru.

Nsabwe siinabwerenso. Ndinati atopa, aliyense amatopa. Za pa famu zija zitatha ndi mikangano ya yemwe azitsuka mbale, ndinakwera basi kubwerera ku Akron, patapita chaka ndi theka. Ndinafika masana, chikwama paphewa, n'kugogoda ndi manja onse awiri.

"Odi kuno kumanda! Malemu alimo?"

Dolores anatsegula. Anali ataonda. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Lowa, Lyle. Pukuta nsapato."

Ndinalowa ndikumwetulirabe, ndikuyembekeza kuti Emmett atulukira kuseri kwa chitseko. Dolores anapita kuchipinda n'kubwera ndi kabokosi ka nsapato. Munali mapositikhadi makumi atatu ndi imodzi, ochokera ku Toronto, ku Berkeley, ku New Mexico. Wina anajambula Emmett ali ndi mapiko akutchetcha kapinga kumwamba. Wina anapempha kuti amusiyire jekete. Yanga inali pamwamba penipeni. Ndinaiwerenga.

"Ndinabwereka mipando makumi anayi ku tchalitchi cha amayi a Emmett," anatero Dolores. "Ndinaphika masiku awiri. Kunabwera amayi akewo, mkulu wanga, ndi bambo wa nyumba yoyandikana nayo. Tinakhala mpaka 6 koloko, galimoto ikadutsa ine ndili kale pa zenera."

"Koma mlamu, bwanji sunalembe kuti izi n'zoona?"

"Ndinaganizako. Koma mawu amenewo tinali titawalemba kale pa maliro ako achiwiri, waiwala? Unawaonjeza wekha."

Ndinakumbukira, ndipo ndinalakalaka pansi patang'ambika. Tinkadzitama kuti ndife ochenjera kuposa dziko lonse, anthu osanamizika, koma mkazi wamasiye atatiitana m'mawu osavuta tonse makumi atatu ndi mmodzi tinaomba m'manja. Ndinayamba kupepesa, iye n'kundidula ndi dzanja.

"Pepani ndili naye wambiri, a ku ntchito anandipatsa wokwanira. Si amene ndinakuitanirani. Amayi ake amadziwa mwana woimba kwaya, a ku fakitale amadziwa munthu wosachedwa pa ntchito. Emmett wanga uja, wa inki uja, palibe anamutchulapo tsiku limenelo. Ndinkangofuna munthu mmodzi woti akhale apa anene kuti, ukukumbukira?"

Anakoka mpando wa kukhitchini n'kuuika patsogolo panga. Iye anakhala pa wina, manja pamiyendo.

"Khala pansi, Lyle. Wachedwa, koma ndiwe woyamba kufika. Yamba, ndikumva."