Amene Anagwira Pakhosi Panga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi anamwalira ku Chinsapo. Masiku amenewo mankhwala otalikitsa moyo tinkangowamva pa wailesi, kwa anthu ngati ife anali asanafike. Abambo anali atatsogola kale, choncho wodwazika matenda ndinali ine. Ndinkawasambitsa, kuwamwetsa phala, ndipo malata akatentha masana ndinkawakupiza ndi chidutswa cha katoni.

Pamaliro sindinalire. Azimayi ankagubuduzika pamphasa, ine ndili duu, m'maso muli gwa. Ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti, "Mwana wouma mtima uyu. Mayi ake omubereka!" Ndinakhulupirira kuti akunena zoona.

Azakhali ananditenga kukakhala nawo ku Biwi, ndipo kumeneko pakhosi panga panatsekeka. Chakudya chinkakana kutsika. Kusukulu ndinayamba ndewu, moti mtsikana wina atanditchula kuti wamasiye ndinamung'ambira yunifolomu. Kuchipatala anandiunika kukhosi ndi tochi, nati palibe vuto. Azakhali anafika potopa nane. "Iwe Tadala, ukufuna tikaikenso iwe?"

Kenako kunabwera Mayi Nyirenda, mayi wa kumpoto wa m'gulu la kutchalitchi loyendera odwala, amene ankadzaona amayi akudwala. Anali ataphunzirako za uphungu. Tinakhala kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mpapaya. Sanandifunse chifukwa chimene ndinkakanira kudya.

"Chimene chikukusautsacho chili pati m'thupimo?" anafunsa.

Ndinaloza pakhosi.

"Ika dzanja pamenepo. Usalimbane nacho. Puma pang'onopang'ono, umve mapazi ako kuti aponda pansi."

Ndinamva dothi lofunda kuzidendene. Pansi pa dzanja langa panali polimba ngati mfundo ya chingwe.

"Mwanawe, mwa munthu mmodzi mumakhala anthu angapo," anatero. "Muli Tadala womenya anzake. Muli Tadala wofuna kulira. Ndiye muli wina wagwira pakhosipo kuti wolirayo asatuluke. Pa onsewa palibe woipa. Tamufunsa wagwirayo, akuopa kuti chichitika n'chiyani akataya?"

Ndinayesa zamasewera. Koma yankho linatuluka lokha, ndi timawu tating'ono.

"Akuti amayi amva."

Pomwepo ndinakumbukira. Tsiku lina ndikuwasintha nsalu, amayi anandiona ndikugwetsa misozi. Anatembenukira kukhoma nayamba kulira, akuti, "Ndakuzunza mwana wanga," mpaka chifuwa chinawabanikitsa ndipo ndinaganiza kuti atsirizika m'manja mwanga. Kuyambira tsiku limenelo, kulira kukamabwera ndinkakumeza. Ndinawafotokozera zimenezi Mayi Nyirenda.

"Ndiye wokugwira pakhosiyo wagwira ntchito yaikulu," anatero motsitsa mawu. "Anawateteza amayi ako mpaka mapeto. Umuthokoze. Koma zikuoneka kuti palibe amene anamuuza zimene zinachitika."

Ndinawayang'ana.

"Ukakonzeka umuuze wekha. Ine sindingakuuzire. Ngati si lero, ndibweranso."

Bokosi ndinaliona, dothi ndinaponya nawo m'manda, koma mawuwo anali asanatulukepo pakamwa panga. Kumsewu makondakitala a minibasi ankaitanira anthu opita m'tauni. Dzanja lili pakhosi, ndinati, "Zikomo. Taya tsopano. Amayi anamwalira. Sakumvanso."

Kulira kumene kunatuluka sindinakudziwe kuti n'kwanga. Thupi lonse linagwedezeka. Azakhali anabwera akuthamanga, manja ali thovu lokhalokha, ndipo atandiona anangokhala pansi n'kundifungatira. Iwonso analira, akutchula dzina la abambo anga, mchimwene wawo. Mayi Nyirenda sanatitonthoze. Anangondigwira phazi mpaka mpweya unabwerera.

Sindinachire tsiku lomwelo. Mayi Nyirenda anabwerabe kwa miyezi ingapo, ndipo tinacheza ndi Tadala wandewu uja, amene anapezeka kuti ankangoopa kumveredwa chisoni. Pang'onopang'ono chakudya chinayamba kutsika.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo ndimamvetsa kuti thupi la mwana limasunga lonjezo ngakhale amene analonjezedwayo atapita kalekale. Chimene chinanditseka pakhosi sichinali matenda kapena nkhanza, chinali chikondi chimene sichinamve uthenga wa maliro. Chomwe chimandiwawabe n'chakuti, kuti ndipume bwino, ndinayenera kuvomera ndi pakamwa panga kuti amayi sadzandimvanso, kaya ndikulira, kaya ndikuseka.