Ku Lusaka Tipita M'matope Momwemo

Lachiwiri ndinaimbira foni mng'ono wanga Mabvuto, mwana wa mayi aang'ono, amene amakhala ku Lusaka. Mayi akewo, amene amakhala nawo komweko, anagwa ndi sitiroko mwezi watha, ndipo pakamwa pakunka palemera. Amayi anga kuno ku Chinyunyu sakudya bwino, akungofuna kukaona m'bale wawo.

"Ah bakulu, ba mami basabwele manje," anatero Mabvuto m'kayankhulidwe ka m'tauni, kuletsa amayi anga kupitako tsopano. "Febuluwale kuno ni matope che. Nthawi yabwino ni Juni, mukakolola." Ndisanayankhe anawonjeza: "Ndiye musakaiwale ka nshawa na mbatata."

Magazi anandiwira.

Inu a m'tauni, tiuzeni zoona. Juni ndi wabwino kwa yani? Lusaka ili pamtunda, ndipo kuzizira kwake kumalowa mpaka m'mafupa. Chaka chatha amayi anamvera malangizo omwewa, nanyamuka mu Juni ndi matumba awo. Anakagona pa matailosi ozizira atafunda kabulangete kopyapyala, nabwerera kuno ndi chifuwa chimene chinawagoneka m'chipatala ku Mpanshya. Matumba aja, ndinamva, anafika bwino ndipo sanadwale.

Kalendala ya abale athu a ku Lusaka ndinailoweza. Januwale ndi Febuluwale kuli matope ndi matenda a m'mimba. Ogasiti kuli chimphepo ndi fumbi, mungadwale maso. Okutobala kukutentha, madzi akuvuta m'mipope. Disembala ana atsekera sukulu, m'nyumba mulibe malo. Chaka chonse mzinda ndi wotseka, chitseko chimangotseguka pamene nkhokwe zathu zadzaza. Zangochitika mwangozi, eti?

Sindikukana, ku Lusaka matope aliko. M'makomboni ena mvula ikagwa umavula nsapato n'kukwinya thalauza. Koma mukuopseza ndani ndi matope? Mayi amene amapalira chimanga mvula ikuwakhuthukira pamsana? Ndipo inu eni ake mukafuna kubwera kuno simufunsa mwezi. Timangoona galimoto yaima pamsewu waukulu, mwati mwabwera kudzaona akasupe a madzi otentha, buti yotsegula kale.

Mundimvetse, kupatsa sitikana. Nshawa, mtedza umenewo, timalimira kuti abale adye. Chimene ndikukana ndi kuwerengera ubale pa nyengo yokolola, ngati kuti wodwala nayenso amadikira chimanga chiume.

Loweruka m'mawa ndinawauza amayi kuti avale. Anazengereza.

"Mwanawe, tipita bwanji chimanjamanja? Atiseka."

"Aseke, amayi. Mukupita kukaona m'bale wanu, simukupita kumsika."

Anathyola chibwabwa kuseri kwa nyumba, nachikulunga m'chitenje, basi. Tinakwera minibasi mvula ikuwaza, ndipo sindinaimbire munthu aliyense kupempha chilolezo.

Tinafika matope ali m'mawondo. Mabvuto anatsegula chitseko, nayang'ana ife, kenako nayang'ana kumbuyo kwathu ngati kukubwera wina ndi wilibala. Mkazi wake anathamangira kukatenga chopukutira pansi. Amayi sanadikire kuuzidwa, analunjika kuchipinda, mapazi awo akudinda matailosi oyerawo.

Mayi aang'ono anali atagona chopenyetsetsa khoma, ataonda moti ndinachita mantha. Amayi anakhala pabedi, nawagwira dzanja limene linafa ndi sitiroko. Wodwalayo anatembenuka pang'onopang'ono, milomo ikunjenjemera, nalimbana ndi lilime lake kwa nthawi. Kenako linatuluka liwu limodzi lomveka bwino:

"Tisa."

Amayi dzina lawo lapaubwana ndi Tisauke. Palibenso wina wamoyo amene amawaitana choncho. Ndinalira, ndipo sindichita nazo manyazi.

Mkazi wa Mabvuto ananong'ona pakhomo kuti sabata yonse wodwalayo anali asanatchule dzina la munthu, ngakhale la mwana wawo Mabvuto.

Ndinatembenukira kwa mng'ono wanga.

"Iwe Mabvuto, undiuze. Likanafika mpaka Juni liwu limeneli?"